Abambo, mwana akamatsimphina musamubwezere m'bwalo

Mawu akuti "mwamuna salira, lowa ukasewere" apundula ana ambiri, ndipo amawanena kawirikawiri ndi abambo achikondi, omwe anamuphunzitsa mwanayo kumenya chikulunga n'kumamutengera ku Kamuzu Stadium kukaonera Bullets ndi Manoma. Mwana amakonda mpira chifukwa cha inu. N'chifukwa chakenso amakubisirani ululu, safuna muone ngati wafooka.

Fupa la mwana silinakhwime. Kumapeto kwa mafupa a miyendo kuli malo ofewa pomwe fupalo limakulira, moti kugwa komwe wamkulu angangobinya nako, mwana amatha kuthyoka nako. Akabinya kakolo musamuthowe ndi madzi otentha masiku awiri oyamba, ndipo musamukoke phazi poti mukuwongola. Kulungani ayezi m'kansalu, ikani kwa mphindi 15 mpaka 20 maola awiri kapena atatu aliwonse, mwendo uli pamwamba. Ngati sakutha kuponda ngakhale mapazi anayi, pitani akamujambule ekisileyi.

Kachotupa kowawa m'munsi mwa bondo, pamwamba pa msongolo, kamapezeka mwa ana a zaka 10 mpaka 15 omwe amathamanga ndi kudumpha kwambiri. Kamatha kokha mukachepetsa masewero. Sikafuna mphini.

Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi mwana wa zaka 10 mpaka 16, makamaka wonenepa, yemwe akudandaula bondo kapena ntchafu, akutsimphina, phazi lapenya kunja, koma bondolo silinatupe. Vuto lingakhale m'chiuno: mutu wa fupa la ntchafu ukusuntha pamalo pake, ululu n'kumamvekera m'bondo. Bambo amaona bondo labwinobwino n'kunena kuti ndi ulesi, kapena kuti wina wam'ponda chifukwa cha nsanje poti amagoletsa. Amapita naye kukatemera mphini pa bondo lomwe lilibe vuto, miyezi n'kumapita, mwanayo akuthamangabe. Fupalo likasuntha kwambiri magazi amatha kusiya kufika kumutu kwake, ndipo chilema chake n'cha moyo wonse. Mwana wotere asapondenso mwendowo. Akajambulidwe chiuno mbali zonse ziwiri, chifukwa akafika msanga opaleshoni yake ndi yongomanga fupalo ndi chitsulo kuti lisasunthenso. Chipatala cha boma chimatha kumutumiza ku Queens, ku Kamuzu Central kapena ku Beit CURE ku Blantyre, komwe amaona za mafupa a ana.

Chimodzimodzi fupa likamawawa, pamalopo patatentha, mwana akutenthanso thupi. Musangomugulira Panado kapena LA pa golosale. Tizilombo tingakhale tili m'fupa, ndipo m'masiku ochepa timachita mafinya n'kuyamba kuliwoletsa. Lumo la mphini limangowonjezera tizilombo tina, kuphatikizapo ta kafumbata.

Akagundidwa mutu n'kuchita chizungulire, kusanza kapena kusokonezeka, atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale ikhale ndime yomaliza ya chikho. Ku America analetsa ana a zaka 10 kutsika m'munsi kumenya mpira ndi mutu kuyambira mu 2015.

Ngati mukufuna mwana apitirize kukonda masewero, mugulireni mpira wa msinkhu wake: saizi 4 kwa wa zaka 8 mpaka 12, osati saizi 5 ya akuluakulu. Maola ophunzira ndi kochi pa sabata asapose zaka zake, ndipo apume tsiku limodzi kapena awiri. Asewerenso zina, netibo, kuthamanga, fulaye, kuti asamatopetse malo amodzi omwewo. Mwana wamkazi musamusiye kunyumba. Tabitha ndi Temwa Chawinga, akatswiri a mpira wamiyendo, anachokera ku Rumphi konkuno. Masewero akatha musayambe n'kumuwerengera zigoli zomwe waphonya. Muuzeni ayende patsogolo panu, muone mmene akupondera, ndipo mumufunse pomwe pakuwawa anzake ndi kochi ali kutali.