Mitengo ya miyala ya ku Mágoè ndi ya yani?

Mphwanga amene amapha matemba ku Cahora Bassa anafika kwathu ku Furancungo ndi mwala wolemera m'thumba. Khungwa likuoneka, mizere ya m'kati mwa thunthu ikuoneka, koma nkhwangwa singalowe. Malume anauzunguzazunguza m'manja n'kufunsa kuti, "Kodi iwe, zimenezi si za boma?" Iye anati, "Iyayi malume, kumeneko ena amachita kuterekapo mphika ngati mafuwa." Anakangana mpaka nsima kuzizira, ndipo mkangano womwewu ulipo pakati pa boma ndi midzi ya ku Mágoè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique.

Mitengoyi inamera m'nyengo imene akatswiri amati Permian, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Itagwa inakwiririka m'matope, madzi n'kumalowetsamo mchere wa m'miyala mpaka thunthu lonse kuuma gwa. Malasha a ku Moatize ndi a nyengo yomweyo. David Livingstone anaiona mitengo yotere cha ku Chicova mu 1856, ndipo mu 2018 akatswiri Ricardo Araújo, Nelson Nhamutole, Zanildo Macungo ndi anzawo anafotokoza za mphako zimene zinasungika m'mitengo ya ku Tete.

Koma nkhani inakhota pa za nyama. Nkhondo itatha mu 1992, ku Bawa, m'dera la Mágoè kufupi ndi Zumbo, kunayamba Tchuma Tchato, ntchito yoti midzi izipindula ndi nyama zakuthengo, kutengera ina yotero ya ku Zimbabwe yotchedwa CAMPFIRE. Zolemba zina zimati mu 1994, zina 1995. Ine ndimaona kuti ena amawerenga poyambira zokambirana, ena poyambira ntchito. Dzinalo silifuna womasulira: chuma chathu. Alenje achilendo ankalipira kuti asake, ndipo magawo 33 pa 100 a ndalamazo ankapita kumidzi. Munthu amene njovu yamudyera mapira ankadziwa kuti njovu yomweyo ingamubweretserenso kanthu.

Mu 2013 boma linadula gawo la dera limeneli n'kukhazikitsa paki ya Mágoè, mahekitala oposa 350,000. M'paki sasakamo, tsono ndalama za alenje zinaphwa pamalopo, ndipo gawo la midzi m'malamulo a dziko lonse ndi 20 pa 100 basi. A ANAC, oyang'anira mapaki, ali ndi mfundo yomveka: popanda chitetezo njovu zitha, miyalayi nayo itha ndi otola ngati mphwanga uja. Sindikutsutsa. Komabe mawu a boma ndi amene analembedwa bwinobwino, pamene a m'midzi timawamvera pakamwa pa asodzi ndi apaulendo, ndipo iwo amati chinali chathu, lero tikuchionera patali.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonse zofotokoza nkhalango ya miyalayi zimene ndaziona zili m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, mwana amamudziwa chifukwa amamuona pabwalo. Mtengo wa mwala adzauphunzira kuti? Masukulu ena kuno amaphunzitsa m'Chinyanja, ndiye kabuku kokhala ndi zithunzi, kapena chikwangwani pamalo pomwepo m'zilankhulo za eni dera, zikanathandiza kuposa mlonda wamfuti.

Mwalawo malume anauika pawindo, akuti mphwanga aubweze akamabwerera kunyanja. Mdzukulu wawo wa kalasi yachisanu anapempha kuti ayambe kaye wakauonetsa kwa aphunzitsi Lolemba.