Loya naye amayankha mlandu akalakwira ntchito yake

Anthu ambiri muno mu Lilongwe amakhulupirira kuti loya akadya ndalama za chipukutamisozi za munthu amene amamuimira, basi zapita, poti maloya amatetezana okhaokha. Ena amangoti "wadziwa malamulo sungamuthe" n'kukhala chete. Izi si zoona.

Ntchito ya uloya imayendetsedwa ndi lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018, lomwe linalowa m'malo mwa la 1965. Wodandaula amalemba kalata ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndipo komiti yosungitsa mwambo imamva mbali zonse ziwiri. Loya wopezeka wolakwa atha kudzudzulidwa, kulamulidwa kubweza ndalama kapena kuimitsidwa ntchito. Zikafika poipa, nkhani imapita ku khoti lalikulu, komwe dzina lake lingafufutidwe m'kaundula wa maloya.

Sizichitikanso mobisa monga ambiri amaganizira. Bungweli limalengeza mayina a olangidwa, komanso chaka chilichonse limatulutsa mndandanda wa maloya okhala ndi chiphaso. Kuvala suti pa khoti la ku Area 3 si umboni woti munthu ndi loya wa chiphaso ayi. Yambani mwaona mndandandawo musanapereke ndalama.

Milanduyi imachedwa, n'zoona, ndipo dandaulo lopanda malisiti kapena makalata limavuta kulitsimikizira.