Nyenyezi yofiira ija pa zipupa za mu Limbe inachokera kuti

Tsiku lina ndikudikira minibasi mu Limbe maso anagwera pa shopu ina yakalekale, malata adzimbiri, khonde lotsika, pa chipupa pali nyenyezi yofiira koma penti yake yafwifwa, pansi pake mayi wina wayala zitenje osalabadira n'komwe. Ana ambiri a masiku ano amaona ngati ndi chokongoletsa. Chimenechi ndi chizindikiro cha khonsolo choti nyumbayi sikugwirizananso ndi mapulani a mzinda, mwini wake aikonze kapena aigwetse.

Kuti mumvetse muyambe ndi kudziwa kuti Blantyre sanamangidwe ndi pulani imodzi. Amishoni a ku Scotland anafika mu 1876, kenako a Mandala ndi malonda awo, nyumba yawo ya 1882 ija ilipobe mpaka lero. Limbe anakula payekha chifukwa cha njanji ndi fodya, amwenye n'kumanga mashopu awo, kutsogolo malonda kuseri pogona, ndipo matauni awiriwa anawaphatikiza mu 1956. Azungu anadzipatulira ku Sunnyside ndi malo ena abwino, pomwe anthu akuda amene amawagwirira ntchito ankangodzipezera pokhala m'mbali mwa tauni, kupempha malo kwa mafumu, ku Ndirande ndi kwina. Ndiye malamulo a mapulani pobwera anapeza anthu atakhazikika kale, ena atayika kale ndi maliro pamenepo.

Nyenyezi yofiira inatchuka nthawi ya Kamuzu, iye ankafuna tauni yaukhondo, ndipo nthawi imeneyo ikakugwera sumafunsa kawiri, umayamba kusaka njerwa. Matipate atabwera mu 1994 zinthu zinasintha. Khonsolo yayesapo kuyidzutsa kampeniyi koma eni nyumba ena amathamangira ku khoti kukatenga chiletso, nkhani n'kugona zaka, nyenyezi ili pa chipupa lendi akutolerabe mwezi ndi mwezi.

Pa pepala ndondomeko ilipo ndithu. Lamulo la 1988 la mapulani a matauni linalowedwa m'malo ndi Physical Planning Act ya 2016, ndipo mfundo yake ndi yoti usanamange, kapena usanasandutse nyumba yogona kukhala ofesi, sukulu kaya bala, upeze chilolezo. Ukapanda kutero amakulembera notisi yoti usiye kapena ugwetse. Koma tayendani mu Namiwawa ndi Nyambadwe muone nyumba zogona zomwe zasanduka maofesi ndi maloji, ndiye muyerekeze ndi kaokala ka m'mbali mwa msewu komwe amangokafikira m'mamawa n'kukaphwasula. Apa ndi pomwe ine mtima umandiwawa, chifukwa wa okala uja alibe ndalama ya loya.

China chomwe chimasokoneza ndi choti malo mu mzinda muno ali ndi eni ambiri, ena ndi a unduna wa za malo, ena a Malawi Housing Corporation yomwe inayamba mu 1964, ena a khonsolo, ena a anthu ndi makampani, kuwonjezera apo mafumu akugawabe. Munthu amagula puloti ndi ndalama yake ya thukuta, kalata ya amfumu ali nayo m'manja, mawa amve kuti pamenepo pa mapu ndi msewu kapena nkhalango.

Za phiri la Soche tonse tikuzidziwa. Anthu anakwera n'kumanga mpaka mmwamba mitengo itatha, anauzidwa kangapo kuti asamuke koma asamukira kuti poti ntchito ndi ganyu zili m'tauni momwemo. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phirimo usiku, ku Chilobwe ndi ku Manja mabanja athunthu anakwiririka, ena mpaka pano abale awo sanawapeze.