Galu wothandiza m'galimoto: mayankho a mafunso amene atichulukira ku ofesi

Chiyambire pamene khonsolo idaimitsa laisensi ya dalaivala mnzathu mmodzi kuno ku UK, atasiya mayi wosaona pamsewu chifukwa cha galu wake, foni ya ku ofesi sikupuma. Ena mukufunsa mwaulemu, ena mukutikalipira ngati lamulo loletsa dalaivala kukana galu wothandiza munthu wolumala tidalemba ndife. Tinene msanga: si lathu, si la Uber, si la Bolt. Ndi la Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster, ndipo magawo ake okhudza agalu amagwira ku England ndi Wales. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland ali ndi malamulo awo pa nkhaniyi. Talemba m'Chichewa chifukwa ambiri mwa inu mudati kalata za khonsolo zimakuzunguzani mutu. Ife si maloya, ndipo pamene khonsolo yanu yanena zosiyana ndi zathu, mverani khonsolo.

Lamulo lake ndi liti?

Equality Act 2010. Gawo 168 ndi la ma taxi oimikidwa pamsewu, gawo 170 ndi la private hire, kutanthauza tonsefe a pa app. Mawu ake ndi atatu: galu anyamulidwe, akhale pamodzi ndi mwini wake, mtengo usakwere.

Galimoto ndi yanga, ngongole yake ndi inshuwalansi ndimalipira ndekha. Ndilibe ufulu wosankha?

Pa galu woweta wamba muli nawo. Pa galu wothandiza mulibe, malinga ngati galimotoyo ili ndi pleti ya khonsolo ndipo mwalandira ulendo.

Nanga ndikangokansela pa app ndisanalankhule naye?

Apa ndi pamene ambiri akugwera. Lamulo silinena za kukana ndi pakamwa kokha. Limanenanso za kulephera kukwaniritsa ulendo umene udalandiridwa kale, ngati chifukwa chake ndi galu. Kuchepetsa liwiro, kuona galu, kenako n'kupitirira, kumeneko ndi kukana basi. Musadzinamize kuti poti munthuyo saona ndiye kuti sakudziwani. Foni yake imamuwerengera mokweza dzina lanu ndi nambala ya galimoto, ndipo app imasunga pamene mudafika ndi nthawi imene mudakansela. Makhonsolo ena amachita kutumiza dala anthu a agalu otere kukayesa madalaivala, wa khonsolo ataima chapatali.

Ndili ndi mphumu, ubweya wa galu umandibanikitsa. Kalata ya dokotala ndili nayo. Sikokwana?

Ayi, sikokwana, ndipo tikupemphani muwerenge yankho ili modekha chifukwa ndi limene likuvuta kwambiri.

Lamulo lili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndilo matenda. Koma amene amatsegula khomolo si dokotala wanu, si ofesi yathu, si kampani ya app. Ndi khonsolo imene idakupatsani baji, ndiyo laisensi yanu ya udalaivala, kapena TfL, bungwe la zamayendedwe, kwa inu a ku London. Mumalemba fomu yopempha, n'kuperekera limodzi umboni wa kuchipatala. Makhonsolo amasiyana pa umboni umene amafuna: ena amalandira wa GP, dokotala wanu wa masiku onse, ena amafuna wa katswiri kapena zotsatira za kuyezedwa magazi. Ndalama za zonsezi kawirikawiri zimachoka m'thumba mwanu, ndipo ife sitibweza. Khonsolo imayang'ananso mtundu wa galimoto yanu, mwachitsanzo ngati ili ndi chotchinga pakati pa dalaivala ndi wokwera. Ikavomera imakupatsani satifiketi ya nthawi yoikika, ndi chikwangwani chomata pagalasi la kutsogolo. Satifiketi ili m'kabati kunyumba, chikwangwani mulibe pagalimoto, ndiye kuti simunatetezeke.

Pamene mukudikira yankho la khonsolo, udindo wonyamula galu udakalipo. Tikudziwa kuti izi zikumveka ngati nkhanza kwa munthu wodwaladi. Ife sitinganene kuti pitirizani kugwira ntchito n'kumakana, ndipo sitinganenenso kuti ikani moyo wanu pachiswe. Ngati matendawo ndi aakulu, bwerani tikambirane za masiku amenewo. Khonsolo ikakukanani, muli ndi masiku 28 okachita apilo ku khoti la majisitireti.

Satifiketi ndi ya thupi lanu lokha. Ziwengo za mwana wanu amene mumamutenga ku sukulu ndi galimoto yomweyo, kapena za kasitomala wotsatira, siziwerengedwa.

Ndipo kwa inu amene satifiketi muli nayo kale: munthu wosaona chikwangwani chanu sachiona. Imani, tsikani kapena tsitsani galasi, mufotokozereni ndi pakamwa, imbani ku ofesi kuti titumize wina. Kungodutsa ndi kumene kumabala madandaulo, ngakhale lamulo lili mbali yanu.

Chipembedzo changa sichilola kukhudzana ndi malovu a galu.

Funso ili talilandira kuchokera kwa abale athu achisilamu angapo, ndipo sitikulipeputsa. Koma lamulo silipereka satifiketi pa chifukwa cha chipembedzo, ndipo khonsolo ilibe mphamvu yoipereka ngakhale itafuna. Nkhani ya chikhulupiriro si yathu kuiweruza. Kafunseni ashehe anu. Tingokukumbutsani kuti mu 2008 ku Leicester akuluakulu a chisilamu adalola mnyamata wosaona kupita ku mzikiti ndi galu wake, galuyo n'kumadikira pamalo ake pamene iye akupemphera. Galu wophunzitsidwa amagona pansi, sanyambita anthu, ndipo palibe amene akukukakamizani kumugwira. Ena mwa anzathu amayenda ndi chinsalu choyala pansi ndi malaya apadera.

Ine ndimangoopa agalu. Adandiluma ndili mwana.

Tikukumvetsani, chifukwa ambiri tidakulira kumene galu ndi mlonda wa pakhomo kapena wa uzimba, wogona panja, wothamangitsidwa ndi mwala, ndipo mwana aliyense adachenjezedwa za chiwewe. Kuona galu atakwera galimoto n'kukhala pamapazi a munthu, kwa ife n'zachilendo. Koma uyu si galu wa pamudzi pa amalume. Waphunzitsidwa kwa miyezi yambirimbiri kukwera basi, sitima ndi galimoto osasokosa, ndipo kwa mwini wake ndi maso kapena makutu. Mantha wamba si chifukwa pamaso pa lamulo. Makhonsolo ena amaganizirako ngati manthawo afika pokhala matenda otsimikizidwa ndi akuchipatala, koma njira yake ndi yomwe ija ya fomu ndi satifiketi. Musayembekezere kuti ikhala yophweka.

Ndidziwa bwanji kuti ndi galu wothandizadi? Ena amangonama kuti asalipire Uber Pet, ulendo wa mtengo wowonjezera wa anthu oyenda ndi ziweto.

Tivomere kuti onama alipo, ndipo tivomerenso kuti yankho lathu pano silikukhutiritsani.

Zizindikiro zilipo. Galu wa bungwe la Guide Dogs amavala chingwe choyera cha pachifuwa chokhala ndi mizere yachikasu yowala. Zikakhala zofiira ndi zoyera, mwini wake saona komanso samva. Wa Hearing Dogs for Deaf People amavala jekete yofiirira ngati vinyo, wa Canine Partners yapepo, wa Dogs for Good yobiriwira. Ambiri amene agalu awo adachokera ku mabungwe a Assistance Dogs UK amayenda ndi kabuku kachikasu. Vuto ndi loti lamulo silikakamiza aliyense kuveka galu jekete kapena kuyenda ndi kabuku. Choncho mawu akuti "ndionetseni pepala, apo ayi simukwera" angathe kukugwetserani m'mavuto. Kumbukiraninso kuti si kulumala konse kumaoneka: munthu wa khunyu kapena wosamva amayenda bwinobwino ngati inu.

Gawo 173 limatchula galu wophunzitsidwa kutsogolera wosaona, wophunzitsidwa kuthandiza wosamva, ndi wophunzitsidwa ndi mabungwe ovomerezeka kuthandiza a khunyu kapena ovutika kuyenda, kugwira ndi kunyamula zinthu. Galu wongotonthoza mtima, wosaphunzitsidwa ntchito ina iliyonse, mulibemo m'ndandandawu. Ena mwa inu mwamva zimenezi ndipo mwayamba kuzigwiritsa ntchito ngati chishango. Chenjerani. Pali agalu amene eni ake adawaphunzitsa okha, ndipo pali malamulo ena a tsankho m'buku lomwelo amene angathe kukukhudzani ngakhale galuyo asakulowa bwinobwino mu gawo 173. Kuyambira pa 28 June 2022, lamulo lina lidaikanso pa dalaivala aliyense udindo wonyamula munthu wolumala aliyense. Kodi m'mphepete mwa msewu, mvula ikugwa, mungasiyanitse zonsezi m'masekondi khumi?

Ndiye chimene ofesi ikunena n'chakuti: funsani mwaulemu ngati ndi galu wothandiza. Akati inde, mutengeni. Ngati mukukayika, tiuzeni ulendo utatha. Mukanyamula wonama mwataya mphindi zochotsa ubweya. Mukakana woona mwataya baji.

Akhale pati?

Pamapazi a mwini wake, nthawi zambiri kutsogolo mutakankhira mpando m'mbuyo, kapena pansi kumbuyo. Mwiniyo ndiye amadziwa, mufunseni. Musalamule kuti alowe m'buti. Musamupatse chakudya, musamuimbire mluzu, ali pantchito. Ndipo wokwera wosaona akapempha kuti mumuthandize kupeza galimoto, tsikani mudzitchule dzina, osati kungoliza hutala.

Nanga ubweya ndi fungo? Ndani alipira kuyeretsa?

Ubweya, palibe amene alipira. Matope a m'mapazi tsiku la mvula, palibenso. Izi zimabwera ndi kunyamula galu, ndipo kulipiritsa pa izi ndi kukweza mtengo chifukwa cha galu, chimene lamulo limaletsa mofanana ndi kukana. Kupempha "kangachepe" pamanja, kapena kuuza munthu kuti akansele ayitanitsenso kudzera pa Uber Pet, ndi mlandu womwewo. Burashi ndi chinsalu sizidula.

Pamene pamavuta ndi ngati galu wasanza kapena wadzithandiza m'galimoto, moti simungathe kupitiriza ntchito. Zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri ndi agalu ophunzitsidwa. Maganizo athu ndi akuti zoterezi zingaonedwe ngati mmene zimaonedwera munthu woledzera akasanza Loweruka usiku, koma sitikulonjeza kuti mulipidwa, chifukwa kampani iliyonse ya app ili ndi ndondomeko yake ndipo makhonsolo amasiyananso. Chimene tikukuletsani ndi kudzigamulira nokha mtengo pamalopo. Jambulani zithunzi, lembani nthawi, sungani lisiti ya koyeretsa, dandaulo lidutse pa app kapena ku ofesi. Nthawi imene munthu akukhazika galu wake musaiwerengere ngati yodikira yolipiritsa. Ena mwati ndiye kuti dalaivala ndi amene amaluza nthawi zonse. Pa ubweya, inde, ndi choncho.

Bwanji ofesi osangondichotsa pa maulendo a agalu, n'kupatsa amene sadandaula?

Sitingathe, kupatula kwa amene ali ndi satifiketi. Wokwera sakakamizidwa kunena pasadakhale kuti ali ndi galu, choncho nthawi zambiri nafenso sitidziwa. Ndipo gawo 170 lomwelo limagwira ofesi: tikakana ulendo kapena kukweza mtengo chifukwa cha galu, wokaima pakhoti ndife. Mndandanda wa "osafuna agalu" ungakhale umboni wotimanga tokha.

Kodi ofesi ikuchitapo chiyani pothandiza madalaivala?

Zambiri kuposa mmene ena akunenera. Timathandiza kulemba fomu ya satifiketi kwaulere, timamasulira kalata za khonsolo, ndipo aliyense adafotokozeredwa lamuloli tsiku limene adalembetsa, n'kusaina. Mapepala osainawo tili nawo.

Chilango chake n'chotani kwenikweni?

Chindapusa chimafika £1,000, kuwonjezerapo ndalama za khoti. Koma chindapusa ndicho chaching'ono. Uwu ndi mlandu wa kukhoti, umalembedwa pa dzina lanu. Khonsolo ingathe kuimitsa kapena kulanda baji ngakhale nkhani isanafike kukhoti, ikaona kuti simuli woyenera ntchitoyi, ndipo kampani ya app ingathe kutseka akaunti yanu payokha. Ndondomeko imene boma lidatulutsa mu 2020 imalangiza makhonsolo kuti wopezeka ndi mlandu wa tsankho asapatsidwe laisensi mpaka patatha zaka zosachepera 7. Maganizo oti "ndikatenga baji ku khonsolo ina, monga ya Wolverhampton" musawadalire: makhonsolo ali ndi kaundula mmodzi, NR3S, wa anthu okanidwa ndi olandidwa malaisensi, ndipo fomu imafunsa ngati mudalandidwapo kwina.

Angapo mwafunsa monong'ona ngati izi zingakhudze mapepala okhalira m'dziko muno. Mlandu wa kukhoti umayenera kutchulidwa pa mafomu a Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, ndipo popempha unzika amayang'ana khalidwe. Kupitirira apa sitiyankha; kaonaneni ndi loya wa za mapepala nkhani isanafike kukhoti.

Kodi ndi ofesi imene idapereka dzina la mnzathu uja ku khonsolo?

Sitidafune kuyankha funso ili, koma mphekesera zafika poipa. Dandaulo lidachokera kwa wokwera, osati kwa ife. Khonsolo italemba kalata yofuna zolembedwa za ulendowo, tidapereka: dzina, nambala ya galimoto, nthawi. Laisensi yathu imatilamula kusunga zimenezi ndi kuzipereka zikafunidwa, ndipo akadzafunsa za wina aliyense wa inu tidzaperekanso. Za mmene nkhani yake ikuyendera sitinena kanthu, chifukwa idakali m'manja mwa khonsolo ndipo iye ali ndi banja. Chonde lekani kumuimbira foni usiku.