“Bola wadzuka” ndi mawu amene ndatopa kuwamva pabwalo

Mwana wagundidwa mutu, wagwa, wakhala chigonere kwa kanthawi. Anzake athamangira botolo la madzi n'kumukhuthulira kumutu. Wadzandira, waimirira, anthu aomba m'manja, wina kumbali akufuula kuti, “Bola wadzuka!” Aphunzitsi amusisita pamsana: “Limba iwe, mwamuna salira. Lowanso.” Ndine wachipatala, ndagwira ntchito kuno ku Dedza zaka zambiri, ndipo Loweruka likakwana nthawi zambiri mumandipeza m'mphepete mwa bwalo la sukulu ndi kachikwama kanga ka mabandeji. Mawu awiri amenewa ndawatsutsa mpaka kukhosi kuuma. Lero ndiwatsutse polemba, chifukwa kwabwera masewero amene kugundana ndiye mwini wake wa masewerowo.

Ndikunena rugby. Kale tinkati ndi za azungu ndi za ku Joni, koma pano zayandikira. Pa 19 Julaye 2025 ku Kampala, Zimbabwe inagonjetsa Namibia ndi mapointi 30 kwa 28 m'ndime yomaliza ya Rugby Africa Cup, mpikisano umene munalinso Kenya, Uganda, Algeria, Morocco, Senegal ndi Ivory Coast. Chikho chimenechi a Zimbabwe anali atachitenga kale mu 2024 atakwapula Algeria 29 kwa 3, koma cha 2025 chinabwera ndi malo ku World Cup ya 2027 ku Australia. Ku World Cup anali asanapondekonso chichokereni mu 1991, ndipo kuyambira 1999 malowo ankangotenga ndi Namibia. South Africa salowa nawo m'chikhochi. Iwo amalimbana ndi New Zealand, Australia ndi Argentina mu Rugby Championship, imene anapambana mu 2024 ndi 2025, ndipo masewero amenewo ndi amene anyamata athu amadzazana nawo m'mavidiyo sho a pa boma. Anansi akapambana, ana athu amati nafenso tingathe, ndipo ine zimenezo ndimakondwera nazo. Mpira wonga dzira uja ndauona ukuuluka pa mabwalo a sekondale, ndipo kumene kulibe, anyamata amagwetsana polimbirana chikulunga.

Chimene amatengera pa kanema ndi kugundana kokha. Zimene zimachitika munthu akagundidwa saziona, kapena amaziseka. Ndakhalapo m'vidiyo sho pamene chimphona cha Springboks, timu ya South Africa, chikutuluka m'bwalo ndi dokotala, chikuyenda bwinobwino, magazi palibe, anthu n'kumakuwa kuti wachita mantha. Kumene akupitako ndi kukapimidwa mutu, zimene amazitcha HIA. Amapatsidwa mphindi 12 m'chipinda. Dokotala amaonanso kanema wa mmene anagundidwira, amamupatsa mawu oti awasunge pamtima n'kuwabwereza, amamuyendetsa pamzere, kenako amayerekeza ndi mmene munthu yemweyo anachitira ali bwino nyengo ya masewero isanayambe. Kuyambira 2024 osewera a pamwamba amavala zoteteza mano zokhala ndi kachipangizo kotumiza uthenga kwa madokotala mutu ukagwedezeka kwambiri. Amene wakomoka kapena wadzandira poonekera sapimidwanso kuti mwina abwerere, amangotuluka basi. Nawo malamulo a kagwiridwe sasekerera munthu. Pa fainolo ya World Cup ya 2023, kaputeni wa New Zealand Sam Cane anaonetsedwa khadi yofiira chifukwa phewa lake linamenya mutu wa Jesse Kriel, ndipo timu yake inagonja 11 kwa 12.

Ife pabwalo la fumbi tilibe chipinda, tilibe kanema wobwereza, tilibe dokotala wodikirira. Mphindi 12 zija si zathu. Lamulo la masewero a kusukulu ndi a m'midzi ndi lalifupi: mukangokayika, mwana atuluke, ndipo asalowenso tsiku limenelo ngakhale alire, ngakhale alumbire kuti ali bwino.

Ena amati, “Koma sanakomoke.” Mwa osewera khumi amene ubongo wawo wagwedezeka, amene amakomoka ndi mmodzi kapena kuchepera apo. Ubongo ndi wofewa ngati peyala lakupsa, ndipo umayandama m'timadzi m'kati mwa chigaza. Mutu ukaima mwadzidzidzi, ubongo umapitirira n'kukagunda fupa. Ngakhale kumenyedwa pachifuwa kokha kumatha kuugwedeza ngati mutu unakankhika mwamphamvu. Mwana amene akufunsa kawiri kuti tikusewera ndi ndani, amene akuthamangira kolakwika, amene maso ake angoti tong'o, ameneyo wavulala. Kachipewa kofewa kamene ena amavala kamateteza makutu ndi khungu la pamutu, ubongo ayi.

Pali mnyamata mmodzi amene sindimuiwala. Anali wa Fomu 3, wa zaka 17, kwawo cha ku Bembeke. Tsiku limenelo sindinali pabwalo. Anawerama kuti agwire mnzake m'miyendo, koma mutu anauika kutsogolo kwa maondo m'malo mouika kumbali kwa ntchafu, ndipo bondo linamumenya apa pakati pa diso ndi khutu. Anagwa, anamuthira madzi, anadzuka, anamaliza masewero, anayenda yekha mpaka kwawo. Cha m'ma 5 koloko aphunzitsi ake anandiimbira: “Adokotala, mwana wina anagundidwa koma ali bwinobwino, akungoti mutu ukuwawa pang'ono.” Ine ndinati amwe panado, amuyang'anire, zikasintha abwere naye. Mawu amenewo amandidya mpaka lero. Sindinafunse kuti wagundidwa pati. Sindinafotokoze kuti kusinthako kumaoneka bwanji, ndipo sindinaganize kuti munthu amene ndikumuuzayo sagona nyumba imodzi ndi mwanayo.

Madzulo anadya nsima, kenako anasanza kawiri. Amayi ake anati ndi malungo, anakagula asipirini ndi bufeni pa okala. Pofika pakati pa usiku anayamba kulankhula zosamveka. Agogo ake anati timu inayo inabwera ndi mankhwala, mwana amuponyera. Anamunyamula kupita naye kwa bambo wina wa mudzi woyandikana nawo, amene anamutema mphini pamalo penipeni potupa paja, n'kupakapo zakuda, n'kunena kuti tambala akamalira akhala atatsitsimuka. Bambo ake anali ku Joni. Amalume ake, eni mbumba, anali ku Lizulu ndi matumba a mbatatesi, foni yozima, ndipo panalibe amene analimba mtima kubwereka galimoto iwo asanavomere.

Anafika kwa ife m'ma 9 koloko m'mawa, pa njinga yamoto, atapanidwa pakati pa anthu awiri. Ankaliza nkonono koma osadzuka, ngakhale kumutsina. Nditatsegula zikope n'kuunika ndi tochi, kamwana ka diso la kumanzere kanali katatambasuka, osabwerera. Timphini tija tinali tikadali tatiwisi, tisanu, tondondozana bwinobwino. Tinamukweza ambulansi, ine ndili naye kumbuyo. Kuchoka pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85. Anatisiya titangodutsa pa Nathenje. Amayi ake anandigwira dzanja nati, “Adokotala, koma anadzuka. Anadya nsima.”

Anadzukadi. Ndi mmene vuto limeneli limanamizira anthu. Fupa la pakati pa diso ndi khutu ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Ukaduka, magazi satuluka kunja, amaunjikana pakati pa fupa ndi chikutiro cha ubongo. Poyamba amakhala ochepa, munthu amayenda, amaseka, amadya. Koma chigaza sichifutukuka ngati mimba. Magazi akamachuluka amapanikiza ubongo, ndipo nthawi imene munthu akuoneka kuti ali bwino ija ndi yokhayo imene tinali nayo yomupulumutsira. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti opaleshoni yake ndi yodziwika: amaboola fupa, amachotsa magazi oundanawo, amatseka mtsempha, ndipo ambiri amene amafika akulankhulabe amachira n'kubwerera kusukulu. Mwanayu anali ndi maola oposa 16. Anathera pa foni yanga, pa okala, kwa wotema mphini ndi podikira amalume.

Tsono ndinene mosapita m'mbali. Mwana amene wagundidwa mutu, akasanza, makamaka kawiri, musaganize za malungo. Mutu ukamawawirawira m'malo mochepa, akamagona tulo tovuta kumudzutsa, akamalankhula zosokonekera, akagwa ngati wakhunyu, mkono kapena mwendo ukafooka, akamaona zinthu ziwiriziwiri, m'khutu kapena m'mphuno mukamatuluka magazi kapena timadzi toyera, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku, kaya kunja kuli chisanu cha Juni. Ndipo amene wamenyedwa pamalo opyapyala paja ndimafuna ndimuone tsiku lomwelo, zizindikiro zisanayambe. Amalume mudzawauza muli m'njira. Sindinaonepo malume amene anakwiya chifukwa chopeza mphwake ali moyo kuchipatala. Asipirini, bufeni, dikilofenaki ndi indosidi musampatse, chifukwa mankhwala amenewa amachedwetsa magazi kuundana, ndiye mukuthira palafini pamoto. Mowa asaulawe. Usiku woyamba asagone yekha, ndipo wogona naye akhale wamkulu amene wauzidwa zoti ayang'ane.

Za otema mphini ndalankhula nawo ena mwa iwo maso ndi maso, ndipo ndimawauza zomwezi. Lumo lanu limalekera pakhungu, magaziwo ali kuseri kwa fupa. Timagazi takuda timene mumafinya n'kuonetsa abale kuti poizoni watuluka ndi ta pakhungu chabe. Chimene mumatenga kwa banjalo si nkhuku yokha kapena ndalama, mumatenganso usiku wonse. Enanso ndi aja ovala makoti oyera m'tizipinda ta kuseri kwa msika, amene amabaya jakisoni wa ululu, n'kuika diripi, n'kunena kuti mubwerenso mawa. Mutu ukasiya kuwawa chifukwa cha jakisoni, magazi aja sanasiye kutuluka. Ngakhale ekisileyi musaikhulupirire kwambiri. Imaonetsa mafupa, siionetsa magazi a mu ubongo. Pamafunika makina ounikira m'kati mwa mutu otchedwa CT scan, ndipo tikakuuzani kuti tikukutumizani ku Lilongwe musayambe kupempha kuti mukadziwitse kaye kumudzi.

Khosi nalo ndi nkhani ina imene imandiimitsa tsitsi. Wosewera akagona n'kumati khosi likuwawa, kapena manja achita dzanzi, kapena miyendo sakuimva, pamapezeka katswiri wa pamudzi wofuna kumukoka mutu kuti awongole mtsempha. Ena amamunyamula wina miyendo wina manja ngati thumba la chimanga, n'kumukweza pa kabaza. Fupa la khosi likhoza kukhala litathyoka koma chingwe cha mitsempha chodutsa m'kati mwake chikadali chabwino, ndipo kukoka kumeneko n'kumene kumachidula. Munthu amene akanayenda amakhala chigonere moyo wake wonse. Mmodzi agwade kumutu kwake, agwire mutuwo ndi manja awiri mmene uliri, osautembenuza. Ena azule chitseko cha kalasi, amugonekepo onse pamodzi thupi lili chiwongokere, nsalu zopindapinda mbali zonse za mutu, ndipo apite pa galimoto imene angagonemo.

Kwa aphunzitsi a masewero, inu ndi amene ndimakangana nanu kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti mumawakonda anawa. Kawirikawiri wovulala mutu amakhala wogwira osati wogwidwa, choncho musanawaphunzitse china chilichonse aphunzitseni poika mutu. Bungwe la World Rugby mu 2023 linalimbikitsa kuti m'masewero a m'madera anthu azigwirana kunsi kwa chifuwa. Musaphatikize mwana wa Fomu 1 ndi wa Fomu 4 chifukwa choti osewera achepa. Ndipo mwana amene ubongo wake unagwedezeka, ngakhale kuchipatala tanena kuti magazi sakutuluka, sanachire. Apume tsiku limodzi kapena awiri, foni aichepetse, abwerere m'kalasi pang'onopang'ono, kenako kuthamanga kopanda kugundana. Malangizo amene anatuluka ku Britain mu 2023 a masewero a m'madera amati asapikisanenso masiku 21 asanakwane, ndipo ine ndimatsatira omwewo. Ubongo wa mwana ukagundidwa kachiwiri usanapole umatha kutupa mwadzidzidzi. Mu 2011 mnyamata wa zaka 14 ku Northern Ireland anamwalira motero, atabwezedwa m'bwalo pa masewero a sukulu, m'dziko la maambulansi ndi zipatala zapafupi.

Ndiye mukandiimbira kuti, “Adokotala, fainolo ili Loweruka, mwanayu ndiye timu yathu, tangomulemberani kakalata,” sindilemba. Masiku ano ndikafika pabwalo, woimbira asanaimbe wezulo ndimafunsa kuti galimoto imene tidalire lero ndi ya ndani, mafuta alimo, ndipo nambala za makolo a ana onsewa zili ndi ndani. Ena amaona ngati ndikuchedwetsa masewero. Ndipo foni ikalira madzulo kuti mwana wagundidwa koma ali bwinobwino, funso langa loyamba limakhala lakuti wagundidwa pati, lachiwiri n'lakuti usiku uno agona ndi ndani, mundipatse munthu ameneyo ndilankhule naye ndekha.