Satifiketi ya pakhoma si chilolezo chochiritsa amayi

Sabata yathayi ndamvanso mawu omwe aja: "Mayi aja ali ndi satifiketi, anaphunzira." Amanena zimenezi ndi bambo amene anabwera ndi mkazi wake kutacha, matenda atayamba dzulo lake madzulo, ndipo amanena za mayi amene amathandiza mkaziyo kunyumba. Ndagwira uzamba kuno ku Mangochi zaka zambiri, ndipo mawu amenewa andikwana.

Pano kwabweranso dzina lachilendo, doula, limene atsikana akuliona pa Facebook. Doula ndi mayi woperekeza. Amakhala pambali pa wodwala, kumusisita msana, kumumwetsa madzi, kumulimbitsa mtima, ndi kumulankhulira pamene ululu wamutseka pakamwa. Ntchitoyi ndimailemekeza, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mayi akamachira akhale ndi munthu amene wamusankha yekha. Ku America, zigawo monga Oregon ndi Minnesota zimalemba a doula m'kaundula kuti azilipidwa kudzera ku Medicaid, ndondomeko ya boma yolipirira anthu osauka chithandizo cha kuchipatala. Komatu ngakhale kumeneko, pepalalo silimulola munthu kupima njira, kupereka mankhwala kapena kulandira mwana. Ifenso anthu otere tili nawo kuyambira kale, agogo ndi azakhali amene amagona pakhonde la wodi, amene timawatcha magadiyani.

Chilolezo cha uzamba kuno chimachokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi, munthu ataphunzira zaka n'kukhoza mayeso, ndipo akalakwitsa pali komudandaulira. Pepala la maphunziro a masiku ochepa, kaya aliika m'galasi lokongola chotani, silifika pamenepo. Boma linaletsa azamba akumudzi kuchiritsa amayi mu 2007, Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, kenaka mafumu ambiri anayamba kulipiritsa mbuzi mayi akachirira kunyumba. Mbuzi ija inatiphunzitsa kubisa. Mayi amafika ndi mwana m'manja n'kuti "ndachirira panjira", ife tikuona kuti mchombo unadulidwa kalekale.

Alipo mtsikana wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anachokera kutsidya, cha ku Makanjira, mimba yake yachitatu, ndipo mwana wachiwiri anabadwa pa opareshoni. M'buku lake la sikelo munalembedwa bwinobwino kuti akadikirire kuchipatala. Mayi wina wa pepala pakhoma anati palibe vuto, awona ambiri otere. Matenda atachedwa anamumwetsa mwanamphepo, kapu yoyamba, kenaka yachiwiri. Mankhwala amenewa amafinya chiberekero mwamphamvu, ndipo mulingo wake palibe amene amaudziwa, pomwe chiberekero chokhala ndi chipsera sichipirira zotere. Ululu unasiya mwadzidzidzi pakati pa usiku, iwo n'kumati wapeza bwino. Chiberekero chinali chitang'ambika. Anafika kwa ife milomo itayera, manja ozizira ngati madzi a m'mtsuko, zitenje zitatu zitanyowa. Mwana tinamupeza atatisiya kale. Mayiyo anapulumuka, koma chiberekero chinachotsedwa. Amayi ake anagwada pakhomo la wodi akungobwereza kuti, "Anamwino, ifetu tinakhulupirira pepala lija."

Sindikudana ndi operekeza. Ndimawafuna pambali panga, makamaka usiku umene ndili ndekha ndi amayi angapo nthawi imodzi. Woperekeza wabwino ndi amene amafunafuna njinga yamoto matenda asanayambe, amene amaona magazi, mutu waching'alang'ala, nkhope yotupa kapena madzi atasweka n'kunena kuti tiyeni tsopano lino. Amene akukuuzani kuti dikirani kuche, kapena akutulutsa botolo m'chikwama, muchokereni, kaya amadzitcha doula, kaya mzamba.

Ndipo inu a ku Makanjira, ku Namwera ndi kumapiri a Katuli, msewu wanu mumaudziwa nokha mvula ikagwa. Ngati munachitidwapo opareshoni, muli ndi mapasa, kapena anakuuzani kusikelo kuti mwana wakhala mopingasa, mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba nyamulani ufa, nkhuni ndi gadiyani wanu mukadikirire kuchipatala.