Usiku womwe ku Area 25 kunalibe chipani

Pa 25 Januwale 2022, nthawi itangopitirira 9 koloko usiku, mu shedi ina yoonetsera mpira ku Area 25 munalibe poponda. Ana anakhala pansi kutsogolo, enafe tinaima kumbuyo titatsamira malata. Patangotha mphindi 7 masewero a Malawi ndi Morocco mu mpikisano wa Africa Cup of Nations atayamba ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, Gabadinho Mhango anaona kuti goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, wasuntha pagolo, ndipo anaumenya ali kutali kwambiri. Ukonde utagwedezeka, benchi ina inathyoka. Bambo wina wa ku Ntchisi anakumbatira neba wake wa ku Thyolo, anthu omwe sankapatsana moni chichitikireni chisankho cha 2019.

"Achimwene, mwamuona mwanayu? Mwamuona?"

"Ndamuona aneba, ndamuona!"

Mwana ankamunenayo kwawo ndi ku Rumphi, koma usiku umenewo panalibe wofunsa za kwawo kwa munthu.

Kuti timvetse chifukwa chake kukumbatirana kwa anthu awiriwa kunali nkhani, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Lilongwe ndi mzinda wa obwera. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, ogwira ntchito m'boma, asilikali, apolisi, amalonda ndi ofuna maganyu anakhamukira kuno kuchokera m'zigawo zonse zitatu. Ku Kawale, Mchesi, Chilinde ndi Area 25, Mtumbuka, Mlhomwe, Myao, Mchewa ndi Msena amatunga madzi pa kiyosiki imodzi. Koma aliyense anabwera ndi katundu wake wa mumtima. A kumpoto sanaiwale kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu pamene Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko. Pa chisankho cha 1994 mng'aluwo unaonekera poyera: kumpoto kunavotera Chakufwa Chihana, pakati Kamuzu Banda, kummwera Bakili Muluzi, ngati kuti wina wadula dziko ndi mpeni.

Mpira ndiwo wakhala ukudutsa malire amenewa osapempha chilolezo. Mu 1978 Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup pakhomo pano itagonjetsa Zambia 3-2, ndipo chaka chotsatira inakachiteteza ku Kenya. Mphunzitsi anali Ted Powell, ndipo dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense linali la Kinnah Phiri. Wailesi yakanema kunalibe, inadzabwera mu 1999. Anthu ankaunjikana pa wailesi imodzi ya MBC, mabatire atayanikidwa padzuwa masana onse kuti asathere pakati pa masewero. Masiku amenewo umodzi unali imodzi mwa ngodya zinayi za Kamuzu, pamodzi ndi kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo unkalalikidwa pa msonkhano uliwonse wa chipani. Koma umodzi wa pamsonkhano unali wolamulidwa, a Youth ataima pambali kuona yemwe sakuomba m'manja. Wa pawailesi uja munthu ankadumpha yekha, popanda womuuza.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi anthu omwe amati mpira umachiritsa dziko. Mu 1988 tinatenganso chikho chomwe chija, pakhomo, titaswanso Zambia. Dziko lonse linavina. Chaka chotsatira, mu 1989, boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo ambiri a kumpoto analongedza katundu kusiya sukulu za chigawo chapakati ndi kummwera. Chikho chinali chikadali chonyezimira.

Zinabwerezekanso. Titadikira zaka 26 chichokereni ku Ivory Coast mu 1984, Flames inafikanso ku mpikisano wa Africa Cup of Nations mu 2010, Kinnah yemwe uja ali mphunzitsi. Pa 11 Januwale ku Luanda inakwapula Algeria 3-0, timu yomwe inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Ogoletsa anali Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Mu Lilongwe magalimoto analiza mahutala mpaka usiku, anyamata atalendewera m'mawindo a minibasi. Komatu nthawi yomweyo mkangano wa kota, wosankhira ophunzira ku yunivesite potengera boma lochokera, unali uli pamoto, ndipo pa 20 Julaye 2011 m'misewu yomweyo munali utsi wokhetsa misozi ndi maliro.

Ngakhale bwalo lomwe timanyadira lero linabadwira mu mkangano wa zigawo. Kwa zaka zambiri kwawo kwa Flames kunali ku Kamuzu Stadium ku Blantyre. Pamene Chiukepo Msowoya ankagoletsa chigoli chomwe chinagwetsa Egypt 1-0 mu 2008, a ku Lilongwe ambiri anangomvera pa wailesi kapena kuonera pa kanema. Mzinda uno unali ndi Civo ndi Silver, mabwalo abwino a ligi koma ochepa. Boma la China litavomera kuthandiza kumanga bwalo lalikulu, funso linali loti limangidwe kuti. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika nkhani inapendekera ku Blantyre, ndipo Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 analibwezera ku Lilongwe. Mbali iliyonse inaona kuti yaberedwa pa nthawi yake. Linamangidwa ku Area 48, lotenga anthu oposa 40,000, nkutsegulidwa mu Januwale 2017 ndi dzina la Bingu yemweyo. Pa 6 Julaye chaka chomwecho, tsiku lokumbukira ufulu, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa geti pofuna kukaonera Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. 

Tisaiwalenso kuti mpira womwewu umagawa. Loweruka la ligi, wa Maule (Bullets) ndi wa Manoma (Wanderers) sakhala benchi imodzi, ndipo Silver ikamasewera ndi Bullets akabaza ena amasankha wokwera poyang'ana mtundu wa jezi. Chodabwitsa n'chakuti kugawikana kumeneku sikutsata mtundu wa munthu. Mtumbuka ndi Mlhomwe akhoza kukhala a Maule onse awiri, nkumanyoza Mchewa ndi Myao a Manoma. Mwina mpira umatithandiza apa kuposa pa tsiku la chikho: umasokoneza mizere yomwe andale amakonda kujambula.

Mpikisano wa ku Cameroon uja unabwera dziko lili ndi mabala aawisi. Zionetsero za 2019 zinatentha kwambiri mu Lilongwe, khoti linathetsa zotsatira za chisankho pa 3 Febuluwale 2020, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni. Kenako Flames inagonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli zonse za Gabadinho, nkufanana mphamvu 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané. Pa masewero amenewo woyimbira anatipatsa penate Gomezgani Chirwa atagwetsedwa, kenako nkuibweza atakaoneranso pa kanema wothandiza oyimbira wa VAR. Sindinaonepo Amalawi akugwirizana pa nkhani imodzi ngati momwe anagwirizanirana potukwana woyimbira uja. Kwa nthawi yoyamba Malawi inadutsa ndime ya m'magulu.

Morocco inabweza chigoli chija kudzera mwa Youssef En-Nesyri tisanapite kopuma, ndipo Achraf Hakimi anatimaliza ndi firikiki m'chigawo chachiwiri. Tinatuluka mu shedi muja mwakachetechete, tikuunikira matope ndi matochi a pafoni. Mwini shedi anaima pakhomo kufunsa za benchi yake, ndipo abambo awiri aja anasonkherana ndalama ya misomali. Moni amapatsana mpaka lero, ndipo maliro akagwa kwa wina, winayo amapita kukagona. Nthawi ya kampeni ikafika, aliyense amavala nsalu ya chipani chake nkutulukira geti lake.